Karate kapena judo: woposa mnzake ndani?

Mwina mwana wanu wakuuzani kuti karate imaposa judo. Mnzake akuti nkhonya ndiye zenizeni. Musafulumire kuvomera. Yambani mwafunsa kuti: amene akutama masewerawo apindula chiyani?

Mu 1993, ku Denver m'dziko la America, kunachitika mpikisano woyamba wa UFC. Kunakumana akatswiri a masewera omenyana osiyanasiyana. Royce Gracie wa ku Brazil anapambana ndi jiu-jitsu, luso logwetsa munthu n'kumupana pansi. Anthu anati jiu-jitsu ndiye mfumu. Koma mmodzi mwa okonza mpikisanowo anali mkulu wake, Rorion Gracie, mwini sukulu ya jiu-jitsu. Kupambanako kunamubweretsera ophunzira ambiri.

Mu 2000, ku Tokyo, Kazushi Sakuraba, katswiri wa masewera ogwetsana, anagonjetsa Royce yemweyo atalimbana kwa mphindi 90.

Choncho dzina la masewera silipambanitsa munthu. Amapambana ndi amene wakonzekera bwino. Mphunzitsi aliyense amatama zake, ngati wogulitsa tomato pamsika.

Mwana wanu akafuna kuphunzira, pitani mukaone nokha. Kodi mphunzitsiyo amateteza ana kuti asavulale? Amawaphunzitsa kudziletsa? Ngati amatero, ndalama zanu zipite kumeneko.