Mbewa yamanyazi inafera kuuna

Ana anga, pamodzi ndi inu aphunzitsi, sendererani kuno timvane. Mwana akakopera mawu achingerezi makumi awiri m'kope n'kuwaloweza usiku, mawa lake mayeso akhoza ndithu. Koma mumufunse patatha masabata awiri, mupeza ambiri anathawa kalekale. Amene amatsala ndi aja anawafuna yekha pouza mnzake kanthu, n'kuwasowa, n'kufunsa, kenaka n'kuwatchula ndi pakamwa pake mnzakeyo akumvetsera.

Taonani amayi a geni a ku Karonga amene amaoloka Songwe kukapikula katundu ku Kyela. Chiswahili chawo sanachitenge pabolodi. Anachitola ponenerera mtengo, polakwitsa, pokonzedwa ndi wogulitsa, mawa n'kubwereranso. Chilankhulo chimamera pamene munthu ali ndi chonena, ndipo pali wina womuyankha.

Nanga m'kalasi womuyankha mwana ndani? Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu anadzaza mpaka pakhomo. Tiyerekeze ana 80 m'phunziro la mphindi 40. Mphunzitsi atati amve aliyense, iye osatsegula pakamwa n'komwe, mwana mmodzi apeza theka la mphindi basi. Chikhalirecho pofika Sitandade 5 mwanayo akuyenera kumva masamu ndi sayansi m'Chingerezi, ndipo kutsogoloko, ngakhale akhoze maphunziro ena onse, setifiketi ya MSCE saiona ngati Chingerezi chamugwetsa. Mutu umodzi susenza denga. Ana aja akakhala awiriawiri, pakamwa 40 pamalankhula nthawi imodzi.

Komatu kuwakhazika awiriawiri n'kungoti "kambiranani" sikokwanira. Apatseni chifukwa cholankhulira. Wina akhale wogulitsa matemba, mnzake wogula amene ndalama zamuperewera. Wina alongosole njira ya kuchigayo, mnzake aijambule osaona. Wina afotokoze za mpira wa dzulo kwa amene sanaonere. Apa mawu omwewo amabwera kachiwiri, kachitatu, lero pofunsa, mawa pokana, mkuja poseka, mpaka akhazikike. Phokoso likhalapo, ndipo ahedi podutsa pawindo asathamangire kudzudzula. Walira mvula walira matope.

Alipo odandaula kuti ana aziphunzitsana zolakwika. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. N'chifukwa chake mphunzitsi sakhala pampando nthawi imeneyi: amayendayenda, khutu lili tcheru, ndipo zimene wamva zopotoka amadzazikonza pabolodi pamapeto, osatchula dzina la mwana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuseka. Mtsikana waimirira, mtima ukugunda, wapotoza liwu limodzi, kalasi yonse kwee! Mwana ameneyo akhoza kutha chaka osakwezanso dzanja. Makolo athu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo sanalakwe. Koma tidzifunse: manyaziwo anamuveka ndani? Inu oseka, dziwani kuti mnzanu wolakwitsayo ali patsogolo pa inu amene mwatseka pakamwa poopa kusekedwa. Safunsa anadya phula. Amene wafunsa mnzake kuti chakutichakuti amati chiyani wachita manyazi kamphindi, koma liwulo wapita nalo kwawo.

Palinso mwambo uja wa m'sukulu zina wolanga mwana chifukwa walankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, kumuveka chikwangwani m'khosi kapena kumutchetchetsa udzu padzuwa. Ambiri amene anakula nawo akudziwa chimene unkabala: ana ankangokhala duu mpaka belu lilire. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwana akakakamira pakati pa chiganizo, mulekeni afunse mnzake m'chilankhulo cha kwawo, alandire liwu lachingerezilo, apitirize ulendo. Zimenezi n'zabwino kuposa kuti chiganizocho chifere m'kamwa.

Tsono iwe mwana wanga amene Chingerezi chimakuyendera, usamangosankha anzako okhoza okhaokha. Khala ndi uja amachita chibwibwi. Akakakamira, usamulande mawu m'kamwa. Werenga chamumtima mpaka kasanu, mwina alipeza yekha. Akalephera, muuze motsitsa mawu, kenaka umufunse funso lina loti aligwiritsenso ntchito liwulo belu lisanalire.