ZA UMOYO WATHU: Ng'ombe ya Amai ndi Mkuwa Wolira

Sabata yatha ndinalandira kalata yocokera kwa mnyamata wina wa ku Kanakantapa m'boma la Chongwe. Iye waona pa lamya yace ya m'manja anthu a ku Johannesburg ndi ku London akuciza anzao ndi kulira kwa citsulo, ndipo afuna kugulitsa imodzi mwa ng'ombe ziwiri za amai ace kuti alipire maphunziro a nchitoyo pa intaneti. Afunsa ngati nchito imeneyi iri yoona. Popeza nkhaniyi ikhudza ng'ombe yolimira, ndaganiza kuyankha pano kuti makolo enanso amve.

Citsuloco acicha gong. Ndi cimbale cacikuru ca mkuwa wosanganiza ndi zitsulo zina, copacika pa cimango, ndipo anthu a ku China ndi ku Indonesia akhala akuciliza kwa zaka mazana ambiri. Ofuna cithandizo agona cagada pa mphasa, maso ali citsinzinire, ndipo woliza amenya pang'ono-pang'ono ndi ndodo ya mutu wofewa kwa nthawi yonga ola limodzi. Eni ace amati ndi "kusamba", koma madzi palibe; akuti munthu amira m'kulira kwa mkuwawo. Mwambowu unafala ku America kuyambira ca m'ma 1969, makamaka mwa ophunzira a Yogi Bhajan, mphunzitsi wa yoga wocokera ku India.

Ife a kuno nkhani yociza ndi kulira kwa zinthu siiri yacilendo konse. Pakati pa Atumbuka a ku Lundazi ndi kumpoto kwa Malawi pali vimbuza. Usiku amai ndi ana azungulira wodwala naimba ndi kuomba m'manja, amuna ali pa ng'oma, kufikira wodwalayo aimirira nabvina matenda ace. Odwala ambiri ndi akazi, ndipo ena akhala kwa nchimi masabata kapena miyezi. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linawerengera vimbuza pakati pa cuma ca mwambo ca dziko lonse lapansi. Ansenga a ku Petauke nao adziwa mashawe. Ndipo popeza Kanakantapa anatsegulidwa mu 1988 kuti akhazikemo acinyamata osowa nchito ocokera mbali zosiyana-siyana za Zambia, ndikhulupira kuti alipo agogo pamenepo amene angamfotokozere mnyamatayu zimenezi bwino koposa ine.

Koma taonani kusiyana kwace. Pa vimbuza wodwala sali yekha: abale ace alipo, mudzi wonse wamva kuti mwa uje muli bvuto, ndipo kawiri-kawiri nyimbo zimaulula zimene mkazi sakanatha kunena pamaso pa mwamuna kapena apongozi. Nchimi nayenso sagula unchimi. Ayamba wadwala yekha, nakhala nthawi yaitali pansi pa nchimi wamkuru asanagwire munthu. Pa gong munthu alipira ndalama, agona pakati pa alendo, nabwerera kwao ndi nkhawa zace osauza munthu.

Nanga mkuwawo uciza? M'caka ca 2016 akatswiri a pa University of California ku San Diego anafalitsa zimene anapeza pa anthu 62 amene anamvetsera mbale zolira ndi ma gong. Anthuwo anati mtima unakhala pansi, mkwiyo ndi kutopa zinacepa. Zimenezo ndi zabwino, ndipo sindizinyoza. Koma akatswiriwo sanayerekeze ndi gulu lina longogona cete popanda gong, cotero sitingadziwe ngati cinathandiza ndi citsulo kapena kupumula cabe. Mlimi ali yense amene anasowa tulo pa cilala ca 2024 adziwa kuti ola limodzi la mpumulo ndi mankhwala pa lokha. Umboni wakuti gong icotsa malungo, cifuwa cacikuru, khunyu, matenda a shuga kapena khansa palibe.

Apa ndipo pagona ngozi, pa gong ndi pa ng'oma pomwe. Mwana wobwebweta ndi thupi lotentha angakhale ndi malungo okwera kumutu, ndipo usiku umodzi wocedwa ungamtenge. Ameneyo athamangire naye ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ku Chongwe. Wosokonezeka maganizo, wosadya, wolankhula zodzipha, ali ndi madotolo ace ku Chainama, pa mseu womwewu wa Great East. Ng'oma ikhoza kulira pambuyo pace.

Tsono za maphunziro. Pepala la "sound therapist" liperekedwa ndi masukulu a anthu wamba, ena m'masiku owerengeka okha, ndipo silimsandutsa munthu dotolo wolembedwa ku Health Professions Council of Zambia. Iripo nchito yeni-yeni yothandiza odwala ndi nyimbo, imene ku University of Pretoria aphunzitsa pa digiri yaciwiri, koma njira yace ndi ya zaka zambiri, kuyambira pa kukhoza bwino Giredi 12. Ndiponso pepalalo likabwera, gong yeni-yeniyo iri yosagula. Yaikuru yabwino kawiri-kawiri mtengo wace uposa wa ng'ombe. Ndani pa Kanakantapa adzalipira kuti agone pa mphasa masana, fetereza asanagule? Olipira zotere ali m'mizinda ikuru-ikuru.

Kwa iwe mnyamata, yankho langa ndi ili: ng'ombeyo isiye m'khola, pakuti imodzi yokha siikoka pulawo bwino, ndipo mvula siidzadikira pepala lako. Ngati mtima wothandiza obvutika maganizo uli nao ndithu, pita ukafunse za maphunziro a zaumoyo pa Levy Mwanawasa Medical University ku Chainama. Ukabwerako undilemberenso zimene akuuza, ndidzaziika pa tsamba lino.