Ulemu Usatimanitse Ntchito

Wachinyamata akaitanidwa ku intavyu mumzinda wa Blantyre, malangizo amene abale amam'patsa ndi odziwika kale. Asite zovala, apukute nsapato, anyamule masatifiketi enieni osati mafotokope okha, asaiwale chiphaso cha unzika, ndipo azimitse foni asanalowe. Ngati akuchokera ku Bangwe kapena ku Chigumula alawire, pakuti minibasi sinyamuka isanadzaze, komanso m'mawa galimoto zimayenda ngati bilimankhwe mumsewu wa Masauko Chipembere kuchokera ku Limbe mpaka pa Ginnery Corner. Onsewa ndi malangizo abwino. Komabe wina akhoza kuwatsata onse ndi kulepherabe. Maganizo anga ndi akuti ambiri amagwa chifukwa cha chinthu chimene anayamwira kubere, chimene palibe angachitche cholakwa: ulemu wathu ndi mayankhulidwe ake.

Kwathu mwana wamwambo sayang'ana wamkulu m'maso. Saima chilili akulu atakhala pansi, ndipo amayankhula motsitsa mawu. Mu ofesi ya pa Victoria Avenue zonsezi zimatembenuka. Wokhala pampando asanauzidwe amaoneka wamwano, woyang'ana pansi amaoneka ngati akubisa kanthu, ndipo wotsitsa mawu amatopetsa mabwana amene mwina afunsa kale anthu khumi kuyambira m'mawa. Izi zokha si zovuta kukonza. Vuto lalikulu lili m'mawu.

Tiyeni titenge mawu akuti "ndiyesetsa". M'Chichewa, mmisiri akanena kuti ayesetsa, ndiye kuti walonjeza, kungoti walonjeza modzichepetsa. Koma munthu yemweyo akafunsidwa m'Chingerezi ngati ntchitoyo aikwanitsa, n'kuyankha kuti "I will try", ofunsa amamva chikayiko. N'chimodzimodzi ndi "pang'ono". Mtsikana amene wakhala zaka ziwiri akulemba ndalama za golosale ya azakhali ake pa kompyuta, mukam'funsa ngati kompyuta amaidziwa, adzati amaidziwa pang'ono, chifukwa kunena kuti amaidziwa bwino ndi matama. Ife timamva kuti ndi katswiri. Papepala la mabwana pamalembedwa malikisi ochepa.

Palinso nkhani ya "ife". Chiyankhulo chathu chimagwiritsa ntchito mawu a anthu ambiri pofuna kulemekeza munthu mmodzi, n'chifukwa chake timati "abambo abwera". Nakonso kudzichepetsa kumayenda njira yofananayo: munthu amabisala m'gulu. Amati "tinakonza", "tinagulitsa", "tinatsogolera", chonsecho anachita yekha. Ofunsa akufuna kulemba munthu mmodzi, ndipo funso lawo ndi lakuti iwe unachitapo chiyani. Woyankha ndi "ife" kuyambira poyamba mpaka pomaliza amawasiya asakudziwa ngati iye anali mtsogoleri kapena wongoperekeza. Kunena kuti "ndinachita" pa zimene unachitadi si kudzikweza ayi. Pabwalo la milandu kumudzi, ngakhale pamaso pa mfumu, mwini nkhani amafotokoza yekha mbali yake momveka, ndipo palibe amene amati wasowa mwambo. Intavyu tiziione ngati bwalo lotero. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Msampha wina ndi wa galamala yeniyeni. Wina akatifunsa kuti "Simunagwirepo ntchito?" timayankha kuti "Ee", kutanthauza kuti n'zoona, sitinagwirepo. M'Chingerezi yankho la funso lotere ndi "No". Wonena kuti "Yes" wavomera kuti anagwirapo, ndipo akafunsidwa kuti anagwira kuti, amayamba chibwibwi n'kuoneka ngati wabodza. Mankhwala ake ndi kuyankha ndi chiganizo chathunthu. Za kusokoneza "he" ndi "she", kapena L ndi R, ine sindizidandaula kwenikweni. Mawu athu akuti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo mabwana ambiri nawonso lilime limawaterereka chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti achinyamata amataya nthawi yambiri pa zimenezi, ena mpaka kupinda lilime kuti amveke ngati a ku London, mapeto ake mfundo n'kusowa.

Mantha a Chingerezi ndi amenenso amabala kuloweza. Masiku ano mayankho okonzeratu ali mbwee pa intaneti, ndipo anthu asanu otsatizana akhoza kunena mawu amodzimodzi onena za khama lawo. Woloweza amadziwika msanga: mukangom'dula pakati, amabwerera poyambira ngati mwana wa pulayimale wolakatula ndakatulo. Nthawi imeneyo bwenzi ataigwiritsa ntchito pofufuza za kampani imene yamuitana. Wopita ku ESCOM ayenera kudziwa kuti kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsi ku Nkula ndi ku Kapichira ili m'manja mwa EGENCO. Wopita ku likulu la Illovo ku Limbe adziwe kuti nzimbe zili ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo funso lakuti angalole kukakhala kumeneko likhoza kubwera. Akapatsidwa mpata wofunsa, afunse. Kunena kuti "ndilibe funso" kumamveka kwaulemu kwa ife, koma kwa iwo kumasonyeza kuti ntchitoyo sunaiganizire.

Wina anena kuti apa ndikuimba mlandu wolakwiridwa. Bwanji Amalawi azifunsana m'chiyankhulo cha eni, n'kumayesana ndi miyambo ya eni? Funsoli lili ndi nzeru. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chakhalabe chiyankhulo cha maofesi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale masamu atakhoza bwanji. Chonsecho wolandira ndalama kubanki ku Limbe, kapena namwino ku Ndirande, tsiku lonse amathandiza anthu m'Chichewa, nthawi zina m'Chiyao kapena m'Chisena. Ine ndikukhulupirira kuti pa ntchito zotere gawo lina la intavyu liyenera kuchitika m'Chichewa, ndiponso kuti mabwana, amene nawonso anakulira m'mwambo womwewu, alibe chifukwa chonamizira kusamva tanthauzo la "pang'ono". Koma wofuna ntchito sangadikire kuti zimenezi zisinthe. Mu June 2020, unduna wa zaumoyo utaitana anthu ku intavyu yongofikira, kunasonkhana chinamtindi cha achinyamata, ndipo ku Mzuzu ambiri anavulala popanikizana. Pamene anthu achuluka chotere, mphindi khumi zimene wapatsidwa si zotayira pa kudzichepetsa. Ndipo bwana akatembenukira ku Chichewa mwini wake, m'tsatireni. Ena amaumirira Chingerezi poganiza kuti ndi msampha, pamene iye akufuna kumva mmene mungayankhulire ndi gogo wobwera kudzadandaula za bilu ya madzi.

Pali malo ena pamene ulemu umasanduka ngozi yeniyeni. Tinaphunzitsidwa kuti wamkulu sakanidwa, ndipo akathyali amadziwa zimenezi. Amaimba foni kuti mwasankhidwa, koma mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lisachotsedwe. Kampani yeniyeni silipiritsa intavyu, ndipo wogwira ntchito m'boma wopempha kangachepe nkhani yake ndi ya ku Anti-Corruption Bureau. Kwa atsikana, pamakhala abwana ena amene amati intavyu ikapitirire madzulo kumalo ogona alendo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kukakhala kundende. Pamenepo yankho ndi "ayi" womveka bwino, m'chiyankhulo chilichonse, ndipo mauthenga a pafoniwo asafufutidwe chifukwa ndiwo umboni.