Mafuta akatayika sadikira siginecha ya bwana

Pa 25 Julaye 2020, sitima ya MV Wakashio idagunda matanthwe a m'nyanja ku Mauritius. Idakhala pomwepo masiku 12 mafuta osapopedwa, boma likuloza chala mafunde aukali. Pa 6 Ogasiti mafuta adayamba kuchucha, ndipo matani pafupifupi 1,000 adatayikira m'madzi. Asodzi adaletsedwa kupha nsomba m'deralo.

Anthu wamba sadadikire chilolezo: adasoka zotchingira mafuta ndi masamba a nzimbe komanso tsitsi lawo.

Lamulo lopanda zipangizo ndiponso munthu wolamula msanga ndi pepala chabe. Pokambirana zofufuza mafuta m'nyanja ya Malawi, boma liyambe layankha: ngozi itagwa usiku, adzathamangireko ndani? Pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.