Kanema Woopsya Aloza Yani?

Dziko la Mfumu Nkomeshya liri kum'mawa kwa Lusaka, ndipo boma lace la Chongwe liri pa mseu wa Great East Road, ulendo wa makilomita pafupifupi 45 kucokera mu mzindawo. Munthu woyenda m'midzi ya Asoli imeneyi dzuwa litalowa adzapeza anyamata ndi atsikana ataunjika mitu pa kagalasi ka foni imodzi, kapena atadzaza m'kanyumba ka pa msika momwe alipira kandalama kuti aone kanema. Filimu ikatha, mtsutso uyamba. Ena ati mafilimu oopsya a Azungu ndiwo eni ace, cifukwa cirombo cace cituluka pamene munthu sali kuciyembekeza. Ena ati a ku Nigeria ndiwo apambana, pakuti anena za ufiti ndi zizimba, zinthu zimene munthu anazimva kuyambira ali wamng'ono. Ena anyoza onse awiri, nati kugula mantha ndi ndalama ndi kupusa, kuli bwino kuona za nkhonya kapena za cikondi. Palinso mkangano wina wosatha, wakuti filimu yakale ndiyo yabwino, ndipo yatsopano yobwereza nkhani yomweyo ndi kuba cabe. Kumbali kuli makolo, amene mau ao ndi amodzi: zonsezi ndi za Satana, ziletsedwe.

Mikangano yonseyi ingoyandama pamwamba. Funso loyenera munthu amene anapita ku sukulu ndi limodzi lokha: filimuyo ikatha, yaphunzitsa woonera kuopa yani? Pakuti mantha satsala m'kanyumba ka kanema ai. Munthu apita nao kwao, ndipo pa njira apitirira pa makomo a anthu amoyo.

Makolo ayankhidwe poyamba, ndipo ayankhidwe mwaulemu. Nkhani zoopsya sizinabwere ndi magetsi. Agogo ndiwo anali kusimba nthano usiku pa moto, za cirombo comeza mudzi wonse, za fisi wosanduka munthu kuti akwatire namwali wonyada, za mwana wosamvera amene anatsata njira yoletsedwa. Ana anali kunjenjemera, koma mawa lace anali kupemphanso nthano yomweyo, cifukwa kuopa cinthu uli pakati pa abale ako, moto uli kuyaka, kumalimbitsa mtima. Ndiponso kuletsa kunayesedwa kale. M'masiku a Northern Rhodesia, Boma linali ndi bungwe lodula mafilimu asanaonetsedwe kwa anthu akuda, poganiza kuti iwo sangathe kusiyanitsa cithunzi ndi coonadi. Mai Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 kuphunzira za moyo wa pa migodi, anapeza kuti anthu anali kukonda koposa mafilimu a anyamata a ku America okwera pa akavalo, ndipo ngwazi ya m'mafilimuwo anali kuichula Jack. Ana aja amene anali kuthamanga m'makomboni ndi mfuti za mitengo ndiwo anakula nakhala makolo olemekezeka. Tsono ngati Boma lokhala ndi lumo linalephera kusintha cimene anthu akonda, kholo lingaletse bwanji filimu imene iri m'thumba la mwana wace?

Mkangano wa filimu yakale ndi yatsopano nawonso ndi wocepa. Nkhani ya Dracula, munthu wakufa woyamwa mwazi wa amoyo, inalembedwa ndi Bram Stoker mu 1897. Ajeremani anaipanga filimu mu 1922 pa dzina la Nosferatu, a ku America anapanga yao mu 1931, Angerezi mu 1958, ndipo Nosferatu inapangidwanso mu 1979 ndi mu 2024. M'badwo uliwonse unaisimba monga mwa mantha ace. Ndi momwenso nthano ikhalira: palibe amene ananenapo kuti agogo a mudzi uno anaba nthano ya agogo a mudzi uja. Mwambo wa Chakwela Makumbi ucitika kwa Nkomeshya caka ndi caka mvula isanagwe, ndipo kubwereza kwaceko ndiko kuusunga wamoyo. Kubwereza si mlandu. Wobwereza aweruzidwe poona ngati waonjezapo nzeru kapena wangoonjeza mwazi. Koma pa Dracula pali cinthu cimodzi coyenera kucizindikira. Iye akhala m'linga lace ku Transylvania, dziko lakutali la mapiri ndi cisanu. Mnyamata wa ku Chongwe akamuona acita mantha, naseka, napita kukagona, pakuti pa mudzi pace palibe munthu wofanana naye.

Mafilimu a ufiti sali otero, ndipo pakati pa iwo okha pali kusiyana kwakukulu. M'caka ca 1992 ku Nigeria kunatuluka filimu ya Living in Bondage, m'cinenero ca Igbo, imene ambiri aiyesa ciyambi ca mafilimu a vidiyo a dzikolo. Nkhani yace ndi ya Andy, mwamuna wosirira cuma, amene apereka mkazi wace Merit nsembe ku gulu la okhwima kuti alemere. Alemeradi, koma mzimu wa mkaziyo umsautsa kufikira acita misala. Filimu imeneyi iopsya ndithu, koma cala cace ciloza umbombo wa mu mtima wa munthu, ndipo woonera abwerera kwao ali kudziopa yekha. Mu 2019 anaipitiriza ndi nkhani ya mwana wa Andy, ndipo okonda yakale ndi okonda yatsopano angathe kukangana kufikira tambala alire, popanda wobvulala.

Koma m'caka ca 1999 kunatulukanso ina, End of the Wicked, yopangidwa ndi kampani ya mlaliki Helen Ukpabio, imene inaonetsa ana ang'ono ali kupita usiku ku msonkhano wa mfiti ndi kudya nyama ya anthu. M'zaka zotsatira, m'cigawo ca Akwa Ibom, ana ambiri anathamangitsidwa m'nyumba za makolo ao, ena anamenyedwa ndi kutenthedwa, cifukwa conenedwa kuti ndi mfiti. Mabungwe oteteza ana anadzudzula mafilimu otere kuti anakolezera motowo, ngakhale mwini wace anaukana mlanduwo, ndipo mu 2008 boma la cigawoco linaika lamulo loletsa kuchula mwana kuti ndi mfiti. Mafilimu awiriwa anacokera m'dziko limodzi, ndipo onse anena za mphamvu za mdima. Ina iloza mtima wa woonera. Inzace iloza mwana wa mnansi. Wowaika awiriwa m'dengu limodzi cifukwa cakuti onse ndi oopsya sanaone kanthu, ngakhale ataonera mafilimu zana.

Tsoka lace ndi lakuti mtundu waciwiriwu ndiwo wosabvuta kupanga, ndipo ndiwo wacuruka. Nkhani yace idziwika isanayambe. Mnyamata wa m'tauni acotsedwa nchito, kapena mkazi wace saona mwana, kapena malonda ace agwa. Afunafuna cifukwa, ndipo potsiriza cipezeka ku mudzi: ndi agogo ace, kapena apongozi ace, nkhalamba yopanda mano ndi ya maso ofiira, yokhala yokha m'kanyumba ka kumapeto. Nkhalambayo iulula zonse iri kukwawa pansi, ifa imfa yoipa, ndipo oonera aomba m'manja.

Mnyamata wophunzira adzayankha nati, "Ndi filimu cabe. Munthu wanzeru adziwa kuti ndi sewero." Mau amenewa ali ndi coonadi cace, ndipo asanyozedwe. Filimu sindiyo inabala cikhulupiriro ca ufiti. Ca m'ma 1933 ndi 1934 gulu la Amcape linalowa m'dziko lino kucokera ku Nyasaland. Anali kundandalika anthu a mudzi wonse, nayang'ana nkhope zao m'kagalasi kakang'ono, nanena amene ali mfiti. Ndipo m'midzimo munalibe kanema. M'zaka za m'ma 1990 ku Chiawa, m'cigawo comwe cino ca Lusaka, anthu oposa khumi anafa atamwetsedwa mankhwala ndi munthu wodzichula wogwira mfiti. Kuciyambi kwa 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mpweya woipa m'nyumba inafala m'Zambia, anthu ambiri anaphedwa ndi makamu pa kungoganiziridwa cabe. Zonsezi sizinayambe ndi filimu. Koma kuuma kwa udzu sikucotsa mlandu pa wonyamula muuni. Kagalasi ka Amcape kanali kufika pa mudzi kamodzi, nkupita. Kagalasi ka foni kali m'manja usiku uliwonse, ndipo kaonetsa nkhope yomweyo kawiri kawiri. Ndiponso wanzeruyo saonera yekha. Patsogolo pace pakhala mphwace wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene sadziwa za sewero, ndipo m'mawa akakumana ndi nkhalamba ku citsime athawa ali kukuwa. Akale anati nkhuyu zodya ana zipota akulu.

Tsono munthu aganize za nkhalamba yeniyeni, osati ya m'filimu. Maso ace ndi ofiira cifukwa waphika pa nkhuni m'kanyumba ka utsi zaka makumi asanu. Alankhula yekha, ndipo nthawi zina asokera usiku napezeka pa khomo la eni, cifukwa ca nthenda ya ukalamba yoiwalitsa, imene madokotala aidziwa bwino ndipo si ufiti ai. Akhala yekha cifukwa mwamuna wace anamwalira ndipo ana ace ali ku Lusaka kapena ku migodi. Koma ali ndi munda. Mzinda wa Lusaka uli kukula kuloza kum'mawa, ndipo nthaka ya kwa Nkomeshya iri ndi ambiri oikhumbira. Munthu wofuna munda wa mkazi wamasiye, ngati alibe ndalama ndi cikumbumtima, ali ndi njira yacidule: angonong'ona mau amodzi pa maliro. Mauwo agwira msanga pa mudzi umene ana ace anaphunzira kale nkhope ya mfiti pa kanema. Okonda mafilimuwa adziwenso kuti lamulo la Witchcraft Act, limene linaikidwa mu 1914 ndipo liri mutu 90 m'malamulo a Zambia, liyesa mlandu kuchula munthu kuti ndi mfiti. Cimene ngwazi ya m'filimu icita niomberedwa m'manja, mnyamata wa ku Chongwe akacicita angathe kukacionera m'bwalo la milandu.

Kuti nkhani ya ufiti ingathe kusimbidwa mwa njira ina, umboni ulipo, ndipo ndi wa m'dziko lino. Rungano Nyoni, amene anabadwira ku Lusaka nakulira ku Wales, anatulutsa mu 2017 filimu ya I Am Not a Witch, yojambulidwa m'Zambia, ndipo m'menemo mumveka Cinyanja ndi Cibemba pamodzi ndi Cingerezi. Ndi nkhani ya Shula, kamtsikana kopanda wokaimira, kamene kanenedwa ufiti mai wina atagwa ndi ndowa ya madzi. Katumizidwa ku msasa wa akazi onenedwa ufiti, kumene aliyense amangidwa ku nsalu yaitali yoyera kuti asauluke, ndipo kauzidwa kuti kakaidula kasanduka mbuzi. Mkulu wina wa boma akayendetsa uku ndi uku kuti apezerepo ndalama. Asanalembe nkhaniyi, Nyoni anakakhala pa msasa weniweni wotere ku Ghana. Filimuyi inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inalandira mphotho ya BAFTA ku London. Wokonda mwazi adzati siopsya, pakuti mulibe mzukwa kapena njoka yolankhula. Koma aganize bwino. M'mafilimu ena coopsya ndi mfiti, ndipo woonera akhala kumbali ya khamu. Umu coopsya ndi khamulo, anthu wamba obvala bwino ndi olankhula mwaulemu, ofanana ndi oonera eni ace. Mantha oposa amenewa ndi osowa.

Udindo tsono uli pa iwo amene angotsiriza sukulu. Iwo ndiwo amva Cingerezi namasulira ang'ono ao zimene ziri kunenedwa. Iwo ndiwo asankha cimene cilowa mu foni, ndipo ena a iwo ndiwo asunga makiyi a kanyumba ka kanema. Lumo limene kale linali m'manja mwa Boma lacitsamunda liri m'manja mwao, ndipo ayenera kuligwiritsa nchito mwanzeru koposa eni ace akale. Asataye mafilimu oopsya. Aonere Dracula wakale ndi watsopano, akangane monga afuna. Koma filimu imene phunziro lace lonse ndi lakuti bvuto la munthu licokera kwa agogo ace kapena kwa mwana wamasiye, asaionetse kwa ang'ono. Ndipo akaionera okha, ainene poyera kuti ndi yabodza ndi yaulesi, monga anenera filimu imene mwazi wace uoneka ngati utoto. Amene alota zodzapanga mafilimu ao, popeza foni yomweyo ijambulanso, asayambe ndi kutsanzira za ku Lagos. Nthano ya fisi wosanduka mkamwini iri kudikira wodzaibwereza m'Cisoli ndi m'Cinyanja, ndipo iopsya popanda kuika mnansi m'mabvuto.

Mnyamata amene lero aomba m'manja poona nkhalamba ya m'filimu iri kukwawa pansi akumbuke kuti nayenso mano adzaguluka, maso adzafiira, ndipo tsiku lina adzaiwala njira ya ku nyumba kwace. Adzukulu amene adzampeza pa khomo la eni usiku umenewo adzamuona ndi maso amene iye yemwe ali kuwaphunzitsa tsopano. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.