Petro de Luanda: m'mene kampani ya boma idakwezera handball ku Angola

Amalawi ambiri amadziwa Petro de Luanda ngati timu ya mpira wamiyendo, koma ulemu waukulu wa kalabuyi udabwera ndi amayi osewera handball, masewero oponyerana mpira ndi manja n'kumwetsa m'golo.

Kalabuyi idakhazikitsidwa mu 1980 mothandizidwa ndi Sonangol, kampani ya boma yoona za mafuta. Kwa zaka zoposa khumi zotsatizana, kufikira mu 2013, amayi a Petro sadalole timu ina kulanda chikho cha makalabu a mu Africa. Amene adawatsitsa pampando mu 2014 ndi anzawo a mumzinda womwewo, Primeiro de Agosto, kalabu ya asilikali. Makalabu awiriwa ndiwo akhala nkhokwe ya timu ya dziko, yomwe idathera pa nambala 7 pa mpikisano wa dziko lonse ku France mu 2007.

Chinsinsi chagona pa thandizo losadukiza, osati lapanthawi ya mpikisano pokha. Njirayi si yachilendo kuno: Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ya apolisi, Moyale Barracks ya asilikali. Kungoti maso onse ali pa mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye.

Chikhalirecho handball safuna zambiri. Bwalo la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndi osewera 7 mbali iliyonse, n'zotheka ngakhale pa sukulu ya pulayimale kwa Nsamala m'boma la Balaka, bola khonsolo itaika masewerowa m'ndondomeko yake ya chuma.