Klorini m'madzi a m'dzinja: choopsa chili pati?

Mvula ikayamba ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, ndi kumapiri a Tsangano, madzi a m'zitsime zosatetezedwa amasanduka mtundu. Othamanga amakokolola ndowe za m'makola, manyowa a m'madimba a kachewere ndi zotuluka m'zimbudzi zosefukira. Nthawi yomweyi ndi imene azaumoyo amalimbikitsa kuthira Certeza, mankhwala a klorini amene kutsidya ku Ntcheu ndi ku Dedza amawadziwa ndi dzina la WaterGuard. Funso limabwera chaka ndi chaka: kodi mankhwala onunkha chonchi sangavulaze munthu?

Funsoli si lopusa. Mu 1974, katswiri wina wa ku Rotterdam, Johannes Rook, anapeza kuti klorini akakumana ndi zinthu zowola za m'madzi, monga masamba ndi ndowe, pamabadwa mankhwala ena amene munalibe poyamba. Gulu lodziwika kwambiri ndi la trihalomethanes, ndipo limodzi mwa iwo ndi chloroform. Kafukufuku wa m'mayiko angapo wasonyeza kuti omwa madzi okhala ndi mankhwalawa ochuluka kwa zaka zambirimbiri angakhale pachiopsezo chokulirapo cha khansa ya m'chikhodzodzo. Bungwe la WHO linaika malire a chloroform pa mamiligalamu 0.3 m'lita imodzi.

Vutoli limakula kwambiri m'mizinda yomwe imayeretsa madzi a suweji kenaka n'kuwathira klorini asanawatayire mumtsinje kapena kuthiririra mbewu. Madzi otere, ngakhale ayeretsedwe, amatsala ndi zowola zambiri komanso amoniya, ndipo mungabadwe mankhwala oopsa kuposa chloroform, monga NDMA. Mizinda ina imachotsanso klorini madziwo asanatuluke, ina inasiya n'kumapha tizilombo ndi kuwala kwa UV. Midzi ya ku Macanga ndi Tsangano ilibe mapaipi a suweji, komabe chimene chimachitika m'chigubu cha madzi amatope n'chofanana pang'ono: zowola zikachuluka, zotsalira zoipazi zimachulukanso.

Kukula kwa zoopsa ziwirizi n'kosiyana kutalitali. Khansa yotchulidwayi imafuna zaka makumi, ndipo ngakhale pamenepo imagwira ochepa. Kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku lomwe wayamba kutsekula. Mliri womwe unabuka ku Malawi mu 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo m'dziko muno unayambira ku Niassa chaka chomwecho n'kufalikira zigawo zina, kuphatikizapo Tete, makamaka namondwe Freddy atadutsa mu 2023. Malangizo a WHO pankhaniyi ndi osapita m'mbali: kupha tizilombo kusafooketsedwe pofuna kuchepetsa zotsalira za klorini. Ofufuza omwe anayeza madzi othiridwa klorini pakhomo kumadzulo kwa Kenya, a m'mitsinje yamatope omwe, anapeza kuti ma trihalomethanes sanapyole malire a WHO.

Chimene mlimi angachite chili m'manja mwake, ndipo sichilira ndalama. Madzi amatope ayambe adikha, kenaka atsanulidwe mwina posefa ndi nsalu yoyera, matope n'kutsala pansi. Klorini athiridwe pambuyo pake, pa mlingo wolembedwa pabotolo, ndipo padutse mphindi 30 asanamwedwe. Kusefaku kumachotsa gawo la zowola zija, komanso kumasiya klorini ndi mphamvu yolimbana ndi tizilombo m'malo mothera pa matope. Kuthira mongoyerekeza, poganiza kuti wambiri ndiye wabwino, kumangowonjezera fungo mpaka ana n'kuyamba kumwa kumtsinje mobisa. Khola ndi chimbudzi zikakhala kumtunda kwa chitsime, vuto limayambira pomwepo, botolo lisanatsekulidwe.

Mbali ina ndi ya akuluakulu a zaumoyo, mafumu ndi anyakwawa. M'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana, ndipo mphekesera yoti othira klorini ndiwo amabweretsa kolera yaphetsapo anthu m'dziko muno. Mu 2009, ku Mogincual m'chigawo cha Nampula, anthu odzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa chifukwa cha bodza lomweli. Masiku ano nkhani ya "poizoni wa klorini" ingafike pa foni kudzera pa WhatsApp, itadulidwa mutu ndi mchira, yopanda manambala. Ikapeza anthu amene anangouzidwa kuti mankhwalawa alibe vuto lililonse, adzaona ngati ananamizidwa, ndipo botolo lidzaponyedwa kudzala pakati pa dzinja.

N'kwabwino kuti amve zonse kuchokera kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwawo, pamsonkhano wa mfumu, mvula isanafike pachimake: kuti zotsalirazo zilipodi ndipo zimachokera ku matope.